Mpando Umene Bambo Anakhomera Elube

Ana inu, dzulo masana ndinamva amayi anu akukalipira Thoko pabalaza. "Khala bwino iwe, upinda miyendo!" Ndinasuzumira pakhomo. Thoko anali pasimenti, matako pansi, mawondo kutsogolo, mapazi atatulukira kunja, lina uku lina uko, m'mbali mwa chiuno. Ankajambula basi pachikuto cha buku la masamu la Mavuto. Iwe Mavuto, ukaliona bukulo usanene kuti waulula ndine.

Ndinabwerera kuchipinda ndikuseka ndekha, chifukwa kakhalidwe kameneko sanakayambe ndi Thoko. N'kakumtundu. Mwini wake ndi mlongo wanga Elube, agogo anu a ku Mbayani aja amene amabwera ndi nandolo m'kathumba n'kumakufunsani ngati mwasamba m'khosi. Kwathu tinkati kukhala kwa chule. Kukhala kwa chuleko kunatsala pang'ono kumulanda sukulu. Ndaganiza zokulemberani nkhaniyi, poti ndikamanena pakamwa mumandidula ndi mafunso a maswiti.

Kunyuzipepala kumene ndinagwira ntchito mpaka imvi anatiphunzitsa kuti nkhani iziyamba ndi ndani, kuti, ndi liti. Ndani: bambo anga a Simoni, mayi anga, ine Yohane, ndi Elube. Kuti: kamudzi ka nyumba zosakwana khumi kufupi ndi Limbe, mbali ino ya Kanjedza, pamene lero pali mizere ya nyumba za malata koma nthawiyo panali udzu wotalika kuposa munthu. Liti: apa ndiye pondivuta. Chaka sindingachilumbirire, poti panalibe amene ankalemba masiku obadwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti njanji inali itafika kale ku Limbe, sitima tinali titasiya kuithawa, ndipo nkhondo ya Ajeremani inali mkati. Ine ndinali wa zaka ngati khumi. Elube mano akutsogolo anali atangoguluka, ndiye mudziwerengere nokha.

Bambo anali kalipentala. Ntchitoyo anaiphunzira ku mishoni ku Blantyre, ndipo anachokako ndi sowo, jekete lakuda, ndi chikhulupiriro chakuti munthu wotsogola amakhala pampando. Ankakhomera mipando Azungu ndi Amwenye a masitolo. Pakhomo pathu panali mpando umodzi wokha, wawo. Ngakhale iwo atachoka palibe ankaukhudza. Ndi mphaka yemwe ankaulambalala.

Enafe tinkakhala pansi, ndipo musaganize kuti kukhala pansi kunali kumodzi. Amuna ankanjuta, zidendene zili pansi, mawondo kufika m'khwapa, ndipo ankatha kumva mlandu wonse wa mbuzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu osasuntha. Tayesa, Mavuto, koma uyambe waika pilo kumbuyo. Amayi ankatambalala pamphasa, miyendo yowongoka ili pamodzi, msana uli njo popanda choyedzamira. Mtsikana pamaso pa akulu ankagwada, kenako n'kupindira miyendo yonse mbali imodzi. Chimene ndinadzazindikira nditakula n'chakuti mwana wa nthawi imeneyo sankakhalitsa m'kakhalidwe kamodzi. Ntchito ikasintha, thupi linkasinthanso. Inu mukafika kuchokera kusukulu mumadziponya pasofa ngati matumba a chimanga, ndipo mmene mwagwera ndi momwemo mpaka wina atchule za chakudya.

Sindikudzitama ayi. Ine ndemwe ndinakhala zaka zambiri ndili chilili kusanja zilembo za mtovu, kenako zaka zina zambiri pampando wa mu ofesi, ndipo lero ndikati ndinjute pangafunike anthu awiri ondidzutsa. Koma mayi anga, amene sanakhalepo pampando kupatula tsiku lojambulitsa chithunzi, ankadzuka pamphasa osagwira pansi mpaka ukalamba wawo wonse. Zimenezo ndinaziona ndi maso.

Elube yekha ndiye anali ndi kakhalidwe kamodzi. Pakudya, chule. Posewera, chule. Kutchalitchi, pakati pa amayi otambalala mwaulemu, chule. Mayi akamuwongola miyendo ankakhala bwino nthawi yongokwana kumeza malovu, kenako mapazi aja n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo. Ndipo ankakhazikika bwino zedi, manja onse awiri omasuka, osagwedezeka ngati mwala. Vuto linkaoneka akaimirira. Zala za kumapazi zinkaloza m'kati ngati zikufuna kupatsana moni, mawondo n'kumagundana. Akathamanga, phazi lina linkakola linzake. Ine kuwerenga zinthu ndinayamba kale, ndiye ndinamuwerengera mlungu wathunthu: kuchoka pakhomo kupita kuchitsime ndi kubwerera, ankagwa katatu, tsiku labwino kawiri. Mitsuko anaswa iwiri. Mawondo ake sankapola. Chilonda chisanaume, china chabwera pamwamba.

Amayi a kuchitsime aliyense anali ndi maganizo ake. Ena ankati anamuyendetsa msanga ali khanda. Ena ankati mayi anadya zosayenera ali ndi pakati. Mayi ankangoti, "Zikomo, tamva," n'kusenza mtsuko wawo.

Koma mutu wa Elube unali wakuthwa kuposa wanga, ndipo ndikunena izi ngakhale zimandiwawa. Ine ndinali nditayamba kale kasukulu ka mishoni kamene kanali cha ku Chichiri. Ndikamalemba pasileti pobwera kusukulu, iye ankakhala moyang'anizana nane, chule wake ali pomwepo, n'kumaloweza zilembo mozondoka. Tsiku lina anati, "Achimwene, apo mwalakwitsa," ndipo ndinali nditalakwitsadi. M'mawa uliwonse ankandiperekeza mpaka kumtsinje, n'kubwerera akulira.

Bambo sanali ngati amuna ena amene ankati mwana wamkazi safunika sileti. Iwo ankafuna kuti apite. Koma njira ya kusukulu inali ya mamailosi awiri ndi theka, yowoloka mtsinje pa ulalo wa mtengo umodzi, komanso yodumpha njanji. Tsiku lina Elube atagwa pakhomo penipeni ndi mbale ya ndiwo, bambo anagamula.

"Mwana wogwa pakhomo pake sindingamutumize pa ulalo uja. Sukulu itsegulira tikakolola. Miyendo ikawongoka, apita. Ikapanda kuwongoka, akhala."

Inu simungamve kulemera kwa mawuwo, chifukwa masiku ano wolephera chaka chino amayamba chaka chamawa. Nthawi imeneyo mtsikana akaphonya msinkhu umenewo, ankamubereketsa kumbuyo mwana wa azakhali, kenako wa oyandikana nawo, kenako wake. Za sukulu zinkathera pomwepo. Tinali ndi miyezi itatu.

Mankhwala bambo anali nawo kale. Anati chimene chikupinda miyendo ndi pansi. "Munaonapo mwana wa Mzungu wa miyendo yotere? Iwo amakulira pampando." Kunena zoona, ana a Azungu amene bambo anawaonapo sankakwana asanu, ndipo onsewo ankawaona atanyamulidwa pamachila. Koma bambo akanena, anena.

Anatenga matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, onunkhira bwino aja, opepuka, n'kukhoma mpando m'masiku awiri. Muyeso anautenga papepala limene Mzungu wina anawapatsa la mipando ya patebulo lodyera: mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu kuchoka pansi kufika pokhalira. Umenewo ndi muyeso wa munthu wamkulu wovala nsapato. Anauika pakhonde, anamunyamula Elube, n'kumukhazika. Mapazi ankalendewera m'malere ngati zipatso za mvunguti.

"Ukhale pamenepo mpaka ndiweruke," anatero, n'kupita kushedi kwawo kuseri kwa nyumba.

Atabwera masana anangoima, sowo ili m'manja. Elube anali pampando pomwepo. Anamvera, sanatsike. Koma anali atakweza miyendo yonse n'kukhala chule wake pamwamba pa mpandowo, phazi lina likusuzumira kumanja, lina kumanzere. Mayi anali pamphasa akusenda mtedza, nsalu ili kukamwa, mapewa akugwedezeka.

"Amake Yohane, mukuseka chiyani?"

"Ine? Ndi chifuwa, bambo."

"Bambo, ndakhala pampando," anatero Elube. "Sindinatsike ngakhale kamodzi."

Tsiku lomwelo bambo anakhomera matabwa awiri m'mbali kuti mapazi asapeze potulukira. Mpando unasanduka bokosi lotsegula kutsogolo. Tsopano Elube anakhaladi ngati mwana wa Mzungu, m'mawa mpaka masana, masana mpaka dzuwa kupendeka. Akamutsitsa, miyendo inali itachita dzanzi, n'kumayenda ngati kamwana ka mbuzi kobadwa kumene. Ndinawerenganso. Mlungu wachiwiri wa mpando, paulendo wa kuchitsime anagwa kasanu. Anasiya kuseka. Anasiyanso kundikonza pasileti, ndipo ndinadabwa kuti zinandisowetsa mtendere. Ndinakawauza bambo chiwerengero changa, poganiza kuti andiyamika. Anandiuza kuti mankhwala abwino amayamba ndi kuwawa, ndiponso kuti ndikatole nkhuni.

Mayi anayesa kamodzi kokha.

"Abambo a Yohane, mwana si thabwa loti mulipanikize liwongoke."

"Inu mumadziwa za mtondo ndi munsi. Zowongola zinthu ndisiyireni ine."

Mayi anangobwerera pamtondo pawo. Mayi akapanda kuyankha, tinkadziwa kuti nkhani yayamba kumene.

Tinali ndi thadzi lamawangamawanga, lolusa, limene linali litayamba kulira kofuna kufungatira. M'mawa wina bambo analipeza lili phee m'mpando wa Elube, paudzu wouma, pansi pake mazira khumi ndi awiri. Atayandikira linafufumitsa nthenga n'kuwajompha chala.

"Izi zalowa bwanji muno?"

"Yasankha yokha," mayi anatero. "Nkhuku imadziwa malo abwino. Munakhoma bwino, bambo."

"Ndi udzuwu yasenzanso yokha?"

"Ndi yanzeru nkhuku imeneyi."

Ine ndinali nditawaona mayi akuyala udzuwo, koma si zonse zimene munthu waona zoyenera kusindikiza. Tsono pali lamulo limene ngakhale munthu wa jekete sangaliphwanye: nkhuku yofungatira siisunthidwa. Ukaisuntha imanyanyala mazira, onse n'kusukusa. Mazira khumi ndi awiri ndi nkhuku khumi ndi ziwiri. Bambo anayang'ana nkhuku, nkhuku inayang'ana bambo. Nkhuku imafungatira masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo masiku amenewo ndi amene mayi ankafuna. Bambo akanatha kukhoma mpando wina, koma anali atangolandira ntchito ya mipando isanu ndi umodzi ya Mzungu wa ku Blantyre, ndiye analibe nthawi.

Masiku amenewo mayi sanamuuzepo Elube kuti "khala bwino," ngakhale kamodzi. Ankangomupatsa ntchito. Apere mawere a thobwa pamphero, ndipo pamphero munthu amagwada, msana ndi chiuno zikugwira ntchito. Mphero, ana inu, ndi mwala waukulu wosalala wokhala ndi kamwala kake koperera. Musandiyang'ane ngati ndalankhula Chijeremani. Akatha, asankhe nyemba: lichero limakhala pantchafu, ndipo silikhazikika miyendo ikapanda kutambalala. Akatha, atsuke mbale: pamatope palibe amene amaika matako, aliyense amanjuta. Mapazi akangoyamba ulendo wawo wopita m'mbali, mayi ankati, "Elube, tandipatsira chipande icho," mwana n'kudzuka. Tsiku lina ndinawerenga. Anadzutsidwa kakhumi ndi kanayi dzuwa lisanafike pamutu. Chipandecho chinayenda kuposa sitima.

Koma akangopeza mpata wosewera yekha, chule ankabwerera. Amene anathandiza pamenepo anali munthu wosadziwa n'komwe kuti akuthandiza.

Loweruka lina mayi anatituma ku Limbe ndi jekete la bambo, limene linang'ambika pachigongono. Limbe wa nthawiyo anali msewu wa fumbi lofiira, masitolo a Amwenye uku ndi uku, fungo la fodya lochokera m'mashedi, ndi ngolo za ng'ombe zodikira katundu wa sitima. Pakhonde la sitolo pankakhala telala. Wathu anali Che Bwanali, Myao wa kofiya yoyera, wa ndevu zochepa ndi nthabwala zambiri. Makina awo sanali opondaponda ngati amene mumawaona lero. Anali opukusa ndi dzanja, atawakhazika pakabokosi kafupi. Eni ake ankakhala pamkeka atapingasa miyendo, mapazi m'kati, mawondo atagona m'mbali.

Elube anayang'ana gudumu likuzungulira, kukamwa kuli yasa. Ulusi utaduka, Che Bwanali anayamba kulimbana ndi kachiboo ka singano, akuphonya, kunyambita ulusi, kuphonyanso. Maso anali atayamba kutha.

"Bweretsani," anatero Elube. Analowetsa kamodzi n'kamodzi.

"Ha! Maso a mphaka. Khala apa, chemwali, uzindilowetsera."

Elube anakhala. Chule. Phazi lina linaponda nsalu yoyera, lina linagubuduza chitini cha mabatani.

"Iyayi, iyayi! Nsalu ya eni iyo! Ukufuna Mmwenye andithamangitse pakhonde pano? Pamkeka wa telala timakhala chitelala. Mapazi m'kati."

Anayesa. Mawondo anakana kugona, anaima m'mwamba ngati a chiwala, ndipo mwini wake anagubudukira chagada. Che Bwanali anaseka mpaka kofiya inagwa.

"Tsiku limene udzakhale chonchi mpaka nditamaliza msoko umodzi wa thalauza, ndidzakulola kupukusa gudumu."

Basi, ana inu. Zimene zinakanika sowo ndi misomali zinatheka ndi gudumu. Kunyumba Elube anasanduka telala. Makina ake anali phale la mtsuko umene anaswa yekha, nsalu zake masamba a nthochi, singano yake munga. Ine ndinali kasitomala, ndipo ndinasokeredwa mathalauza ambiri kuposa amene ndavala moyo wanga wonse. Telala sakhala ngati chule, aliyense amadziwa, ndiye naye sankakhala ngati chule. Masiku oyamba ankadandaula kuti m'chiuno mukukoka. Loweruka lachitatu, titabwereranso ku Limbe, anapukusa gudumu la Che Bwanali, n'kusoka mzere wokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa.

Ndiime kaye apa, poti sindikufuna mukanene kusukulu kuti agogo anati telala amachiritsa miyendo. Patapita zaka zambiri, ndili mtolankhani, ndinafunsa dokotala wina wa ana za nkhaniyi. Anandiuza kuti ana ambiri aang'ono amayenda zala zikuloza m'kati, ndipo ambiri amawongoka okha akamakula. Anati kawirikawiri mwana amakhala ngati chule chifukwa chiuno chake chimapotokera mbali imeneyo mosavuta, ndiye kumamukomera. Si kuti kukhalako ndiko kunapinda miyendo. Chimene sanakondwe nacho ndi mwana wokhala mwa njira imodzi tsiku lonse, kaya pansi kaya pampando, chifukwa msana ndi chiuno sizilimba. Anatinso mwana akamamva kuwawa, kapena akamatsimphina mwendo umodzi, apite naye kuchipatala msanga. Za nkhuku sindinamuuze. Choncho sindingalumbire kuti chinathandiza Elube ndi mphero, telala, kapena kungokula. Ndingalumbire zimene ndinawerenga. Pamene anapiye ankaswa, khumi mwa khumi ndi awiri aja, paulendo wa kuchitsime ankagwa kamodzi, masiku ena osagwa n'komwe.

Bambo sanakhulupirire. Anati ndikuwerenga mokondera mlongo wanga. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, sukulu itsegulira Lolemba, ndipo mawu awo anali asanasinthe.

Mipando ya Mzungu inkafunika Loweruka. Lachisanu bambo anali atamaliza isanu, koma thabwa la womaliza linang'aluka. Anakanda m'mutu, kenako maso awo anagwera pakhonde. Mpando wa Elube unali wa muyeso womwewo, mtengo womwewo, ndipo nkhuku inali itasamuka ndi ana ake. Anazula matabwa a m'mbali, anatseka maboo a misomali, ife tinakwecha zitosi ndi mchenga ndi madzi otentha, iwo n'kupaka vanishi. Kwinakwake m'tauni ya Blantyre kunali dona amene kwa zaka zambiri ankadya chakudya chake atakhala pachisa cha nkhuku yathu. Sanadziwe, ndipo inu musakauze munthu.

Onyamula katundu kunalibe, poti amuna ambiri anali atatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo. Tinayenera kusenza tokha, mamailosi asanu. Lero mumakwera basi pa Limbe n'kumadandaula kuti mwatopa mukafika m'tauni. Ife basi yathu inali mitu. Bambo iwiri, mayi iwiri, ine umodzi. Wachisanu ndi chimodzi unatsala pabwalo.

"Ndibwera kudzautenga ulendo wachiwiri," bambo anatero.

"Ndisenza ine," anatero Elube.

"Iwe? Ukaugwetsa ukalika, Mzungu aukana."

"Sindiugwetsa."

Mayi ankapota nkhata, osayang'ana munthu. "Nanga akakafika nawo osagwa, abambo a Yohane?"

Bambo anayang'ana mapazi a Elube. "Akakafika osagwa ngakhale kamodzi, Lolemba apita ndi Yohane. Akagwa, nkhani yatha, ndipo musadzaiyambenso."

Tinanyamuka m'mawa kuli kachisanu, phiri la Ndirande litafunda nkhungu. Mayi anamuikira Elube nkhata yokhuthala, mpando mozondoka, pokhalira pamutu, miyendo inayi kuloza kumwamba. Bambo patsogolo, kenako Elube, kenako mayi, ine pambuyo ngati mboni. Tinapuma kawiri pansi pa mitengo ya bulugamu, tikutafuna chinangwa chophika. Anatipitirira machila a Mzungu wonenepa, onyamula akuimba nyimbo imene mayi anatiuza kuti tisaimvere. Mzunguyo ankamwetulira, poganiza kuti akumutamanda. Tinadutsa Chichiri. Zala za Elube zinkalozabe m'kati pang'ono, monga zimachitira mpaka lero, koma mapazi sankakolana. Ine ndinkayang'ana zidendene zake osaphethira.

Zinachitikira pamtsetse wotsikira m'tauni. Kumbuyo kwathu kunamveka phokoso ngati mfuti zambiri. Inali njinga yamoto, yoyamba imene Elube anaiona chibadwire. Inadutsa pafupi, fumbi koboo. Elube anadzidzimuka, analumphira m'mbali, phazi linaterereka patimiyala, ndipo ndinaona miyendo inayi ya mpando ikutsika. Mayi anati, "Mayo!"

Fumbi litachepa, Elube anali pansi m'mphepete mwa msewu. Koma anali atanjuta. Zidendene pansi, mawondo m'khwapa, manja onse awiri atagwira mpando pamutu, maso ali tong'o. Anapuma kawiri, n'kudzuka chomwecho, osagwira pansi.

Bambo anatula mipando yawo.

"Wagwa."

"Wanjuta," mayi anatero.

"Anali chilili, ine ndamuona ali pansi. Kumeneko ndi kugwa."

"Ndiye kuti amuna onse a pabwalo la milandu amakhala atagwa tsiku lonse?"

Anthu odutsa anayamba kuima. Mayi wina wosenza nkhuni anati mwanayo wanjuta, ndipo wanjuta bwino kuposa mwamuna wake. Mkulu wina wa mtolo wa nzimbe anati zimatengera ngati matako akhudza dothi. Bambo anatembenukira kwa ine.

"Iwe wowerengawerenga. Wagwa kapena ayi?"

Ndikananama, bambo akanadziwa, poti ankadziwa nthawi zonse. Ndinati, "Bambo, Elube akagwa amagwera mawondo. Onani mawondo."

Bambo, ndi jekete lawo, ananjuta pamsewu pomwepo n'kuyang'ana mawondo a mwana wawo mmene ankayang'anira thabwa asanaligule. Anayendetsa chala pabondo lamanja, kenako lamanzere. Zipsera zakale zinalipo, zouma. Dothi latsopano panalibe. Anazungulira kumbuyo kuona nsalu, inalibe fumbi. Kenako anayang'ana mpando, mwendo uliwonse paokha.

"Mpando uli bwino," anatero. Anasenza yawo. "Tiyeni, tachedwa."

Mipando yonse isanu ndi umodzi tinakaitula pakhomo pa Mzungu. Pobwerera analowa okha m'sitolo ya Mmwenye n'kutuluka ndi sileti yatsopano. Anaipereka kwa mayi, osati kwa Elube, ngati akupereka mchere.

Lolemba anatiperekeza okha. Pa ulalo anaima kuti avule jekete amunyamule mwana, koma pomaliza kuvula Elube anali kale tsidya lina akutidikira.

Sukuluyo inali nyumba ya udzu ya zipinda ziwiri, ndipo bambo anali asanalowemo, poti ine anakandilembetsa ndi mayi. M'chipinda chathu cha akuluakulu munali mabenchi atatu. Oyamba kumene ankaphunzira m'chipinda chinacho. Bambo atasuzumiramo, nkhope inasintha. Munalibe benchi ngakhale limodzi. Ana anali mbwee pansi pozira, ena atatambalala, ena atanjuta, ena atagwada. Ine ndinkadziwa zimenezi miyezi itatu yonse ija, koma palibe anandifunsa.

"Aphunzitsi, mipando ili kuti?"

Aphunzitsi anali munthu wamtali wa kolala yolimba. "Mipando, bambo? Oyamba amakhala pansi. Benchi amalipeza akadziwa kuwerenga." Anatembenukira kwa Elube. "Lowa, mwana iwe. Khala pansi."

Elube anayang'ana bambo, anayang'ana ine. Analowa, anadzipanikiza kutsogolo kwenikweni, n'kukhala chitelala, mapazi m'kati, mawondo atagona, sileti pantchafu.

Aphunzitsi anakweza kandodo. "Iwe, mtsikana sakhala choncho. Tambalala ngati anzako."

Bambo anaponda phazi limodzi m'kati, chipewa chili m'manja.

"Pepani, aphunzitsi. Za kakhalidwe ka mwanayu zisiyeni. Tavutika nazo kale kunyumba. Inu mphunzitseni kuwerenga."

Aphunzitsi anayang'ana bambo, anayang'ana mwana, n'kutsitsa kandodo. Anatsegula kaundula wa mayina. Elube sanadikire kufunsidwa. Dzina lake analitchula yekha, mokweza, moti ndi a chipinda chinacho anamva.